Malume a Rosa ndi Asilikali a m'Kompyuta

Chaka chimene malole anayamba kubweza anthu othawa nkhondo kwawo ku Mozambique, Jeremiya wa ku Nkope anali kalaliki pa ofesi yogawa ufa ndi nyemba pa Chiponde, ndipo mtima wake unali pa zinthu ziwiri: Rosa, mtsikana amene ankafuna kumukwatira, ndi masewera a nkhondo amene mzungu wina anasiya mu kompyuta ya mu ofesimo. Tsiku lina masana, anzake atapita kukadya, Jeremiya anali atawerama pa kompyutayo pamene pakhomo panaima a Nelson, telala wa ku Mandimba, malume ake a Rosa, amene anamulera chimwalirireni mayi ake.

"Odi, akalaliki."

Jeremiya anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. "Lowani bambo. Mwaswera bwanji?"

"Ndaswera. Sindikhalitsa." A Nelson anakhala pa thumba la nyemba, chipewa n'kuika pabondo. "Lole yathu inyamuka Lolemba. Rosa akuti sakwera, atsala ndi inu. Ine ndati ndimuone kaye munthuyo, chifukwa ndamva kuti mumamenya nkhondo."

"Ine?"

"Akuti masana aliwonse. Akuti dzulo simunadye, munataya anthu ambiri pamlatho."

Jeremiya anaseka, mtima uli phaa. Anatembenuza galasi la kompyuta kuti mkuluyo aone mapu odulidwa timabokosi, mtsinje pakati, ndi tianthu ting'onoting'ono tili chilili.

"Nkhondo yake ndi iyi, bambo. Abuluuwa ndi anga. Ofiirawa ndi adani."

A Nelson anasendeza thumba lija pafupi. "Anakulakwirani chiyani?"

"Palibe. Ndi ofiira basi."

"Epa. Kwathunso inayamba choncho."

"Ayi, mvetsani. Timasinthana ngati bawo. Ndikamaliza kusuntha anga, ndimadina batani ili, ndiye iwonso amasuntha awo."

"Ndiye panopa akutani?"

"Akudikira."

"Akudikira ndani?"

"Ine."

"Munthu ali ndi mfuti, akukuonani bwinobwino, koma akudikira kuti mumalize?"

"Ndilo lamulo lake."

"Mukapita kuchimbudzi?"

"Adikirabe."

"Mukapita ku Nkope kukaona mayi anu?"

"Ngakhale mwezi, bambo. Sasuntha."

A Nelson anapukusa mutu. "Anthu aulemu chonchi mukuwawomberanji?"

Jeremiya anakanda m'khosi. Anaona kuti akuyenera kuyambira pafupi.

"Cholinga chake n'choti ndiwoloke mlathowu, ndikalande tauni yawo, iyi ili ndi mbenderayi. Ndikalanda ndapambana."

"Mwati sangasunthe mpaka mutadina?"

"Eya."

"Musadine."

"Bwanji?"

"Musadine basi. Nkhondo yatha. Tiyeni tikadye."

"Sizitha choncho, bambo."

"Yatha. Onani, aliyense waima pamalo pake, palibe akulira. Atsogoleri athu aja anachita kupita ku Roma kukasainirana za mtendere kuti zifike pamenepa. Inu mwazipeza muli pampando."

"Koma ndiye kuti palibe wapambana."

"Alipo waluza?"

Jeremiya anayang'ana mlatho uja pagalasi. Anali atalimbana ndi mlatho umenewu kuyambira nthawi ya mvula, ndipo kompyutayo inali yoti ibwerera ku Blantyre ofesi ikatsekedwa. Sakanalola kuti telala athetse nkhondo yake ndi mawu awiri.

"Taonani kaye mmene amayendera," anatero. "Msilikali wapansi amayenda mabokosi atatu. Kasinja asanu ndi limodzi, akakhala pamsewu."

"Wapansiyo akafika pachitatu watopa?"

"Satopa."

"Nanga aimiranji?"

"Mphamvu zake zoyendera zatha."

"Ndiye watopa."

"Sanatope, bambo. Zatha."

"Akalaliki, ine ndinayenda kuchoka ku Mandimba, mutu wa makina osokera uli pamutu, Rosa ali kumsana. Mphamvu zitatha ndinati ndatopa. Kwanu mumati chiyani?"

"Chabwino, watopa."

"Ehe. Nanga uku kwakudaku?"

"Ndi kumene sitinafikeko. Sitiona chimene chiliko mpaka wina atapitako."

"Mumatumako ndani?"

"Aliyense amene ali pafupi. Monga uyu."

"Dzina lake?"

"Alibe."

"Mukutuma munthu mumdima, dzina lake osalidziwa. Mukakauza chiyani kwawo?"

"Alibe kwawo."

"Ndiye ndi wamasiye. Mwasankha wamasiye dala."

Kuseri jenereta inatsokomola, n'kupitiriza kulira. Jeremiya anapukuta thukuta ndi kolala.

"Nanga nambala ili pamutu pakeyi?" anafunsa a Nelson, chala chili pagalasi.

"Ndi moyo wake. Khumi ndiye kuti ali bwinobwino. Ameneyu watsala ndi ziwiri."

"Ziwiri pa khumi, ali chilili padzuwa? Chipatala kulibe?"

"Akalowa m'mudzi umu amachira pang'onopang'ono."

"Amamusamala ndani?"

"Palibe. M'mudzimo mulibe anthu, nyumba zokha."

"Anathawira kuti?"

"Sanathawe. Mulibe basi."

"Nyumba sizidzimanga zokha, akalaliki. Muwafunefune bwino pa Chiponde pompano. Mwina ndi omwe mukuwagawira ufawa."

Apa Jeremiya anaganiza zoonetsa luso lake, kuti mkuluyo aone kuti Rosa sakutengedwa ndi munthu wopanda mutu. Anakhala bwino pampando n'kutambasula zala.

"Nzeru yake ndi iyi. Mzinga wawowu umawombera kutali, koma sungayende ndi kuwombera ulendo umodzi. Ndiye ndiika wa ziwiriyu pamlatho. Mzingawo ukamuwombera, waonekera pamene wabisala, akasinja anga n'kuuzinga."

"Nanga iyeyo?"

"Iyeyo ndi nyambo."

"Nyambo ngati ya kampango?"

"Eya."

"Nyambo imabwerera kunyumba?"

"Ayi, koma..."

A Nelson anamugwira dzanja. Zala za telala zinali zolimba ngati pulayazi. "Musiyeni mwanayo."

"Bambo, popanda kutero mlatho sitiwoloka."

"Tumani wa khumi."

"Wa khumi ndi wofunika."

"Ndiye wodwala ndi wosafunika? Rosa akadzadwala malungo mudzamuika pamlatho?"

"Rosa sali mu kompyuta."

"Ndikufunsa."

Jeremiya akanangonena kuti ayi, nkhani ikanathera pomwepo. Koma liuma linamukwera. Ndi dzanja lamanzere anasuntha kamsilikali kaja n'kudina batani. Ofiira anayenda, mzinga unalira kuti phu, ndipo pamlatho panatsala kautsi.

A Nelson anamusiya dzanja. Anaimirira, chipewa chili pachifuwa.

"Ali kuti?"

"Wafa. Koma taonani, mzinga uja waoneka. Si uwu?"

"Simumuika m'manda?"

"Amangozimirira."

"Rosa akwera lole," anatero a Nelson, n'kuyamba kulowera kukhomo.

Jeremiya anatembenukira kukhomo. "Dikirani bambo. Dikirani, ndimubweza."

"Mumubweza ndani?"

"Yemweyo. Ndinasunga pamene tinali. Ndikadina apa, zonse zibwerera mmene zinalili."

Galasi linada, kenako linawala. Kamsilikali kaja kanali chilili pamalo pake pakale, nambala yake ya ziwiri ili pamutu. A Nelson anabwerera pang'onopang'ono n'kuwerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi.

"Ndi yemwe uja?"

"Yemweyo."

"Akukumbukira?"

"Ayi."

"Aliyense amene wafa mungamubweze?"

"Aliyense, bola unasunga."

Mkuluyo anapotokola mlomo wa chipewa chake. Jeremiya anakumbukira zimene Rosa anamuuza za mayi ake, amene anapita kumunda m'mawa wina osabwerako.

"Azungu," anatero a Nelson pomaliza. "Chinthu chabwino chonchi kuchitsekera m'kabokosi." Anavala chipewa. "Tadzukani pampandopo."

"Bambo?"

"Mwapatsidwa mwayi wachiwiri, simuudziwa ntchito yake. Dzukani."

Jeremiya anadzuka. A Nelson anakhala, n'kupinda mikono ya malaya ngati akufuna kudula nsalu ya ukwati.

"Lobwerera m'mbuyo ndi liti?"

"Ili. Koma kutsogolo ndi uku, bambo."

"Ndakuonako. Wa ziwiri, lowa m'mudzi ukagone. Iwe wa zisanu, mutsate. Pronto, zatheka."

"Ameneyo ndi amene akulondera msewu."

"Msewu suthawa. Phirili likuwathandiza chiyani?"

"Amene ali paphiri savulala kwambiri akawomberedwa."

"Ndiye bwanji onse sali paphiri?"

"Chifukwa tauni ya adani sili paphiri."

"Tauniyo ndi yanu?"

"Iyayi, koma ikhala yanga."

"Muli ndi ina kale iyi. Mugona m'matauni awiri?"

Mmodzimmodzi asilikali abuluu anatembenuka n'kuyamba kukwera phiri, ena mabokosi atatu, ena limodzi. Jeremiya ankazungulira kuseri kwa mpando, manja ali m'mutu.

"Akasinja, bambo. Mwasiya akasinja okha kumtsinje."

"Asiyeni. Zinthu zimenezo n'zimene zimaitana zipolopolo."

"Muli anthu m'menemo."

A Nelson anaumitsa chala m'mwamba. "Bwanji osanena?" Anabweza akasinja onse, mmodzi n'kutitimira m'dambo. "Ameneyo woyendetsa wake ndi woledzera."

"M'dambo kasinja amayenda bokosi limodzi."

"Ndiye analowamo bwanji akudziwa?"

"Mwamulowetsa ndinu."

"Akanakana."

Atadina batani, ofiira anawoloka mlatho mwa mzere. A Nelson anawayang'ana, n'kuyandikitsa pakamwa pa timabowo totulukira mawu. Anawalankhula m'Chipwitikizi. Ataona kuti sakumva anayesa m'Chiyao, mofatsa, ngati akunenerera mtengo wa mabatani pamsika.

"Sakumva, bambo."

"Ndi a kuti?"

"Si a kulikonse. Palibe batani lokambirana."

"Lowombera lilipo, lodzutsa akufa lilipo, lokambirana palibe?"

"Palibe. Tawomberani, chonde. Ali pabwino, mzinga wathu uwafikira. Kamodzi kokha."

"Akubwera kudzafuna chiyani?"

"Tauni yathu."

"Muli anthu?"

"Mulibe."

"Atenge."

Anadinanso. Anadinanso kachitatu. Jeremiya anaona kamsilikali kofiira kakulowa m'tauni yake mosathamanga n'komwe. Mbendera yabuluu inatsika, kompyuta inaimba kanyimbo kachisoni, ndipo pagalasi panabwera mawu akuluakulu a Chingerezi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti tagonja."

"Wafa ndani?"

"Palibe."

A Nelson anawerenga ndi chala asilikali ali paphiri ndi m'mudzi, n'kubwerezanso. "Onse alipo. Wa ziwiri uja wafika pa zisanu ndi chimodzi, akuchira. Ndiye tagonja bwanji?"

"Chifukwa si mmene amasewerera," anatero Jeremiya, ndipo mawu ake anakwera okha. "Si masewera othawa awa. Ndavutikira mlatho umenewu miyezi, osadya, inu mwangofika n'kupereka tauni ngati mukupereka chigamba. Munthu sungapambane uli paphiri. Nkhondo simuidziwa, bambo."

Mawu omalizawo atatuluka, Jeremiya anawamva yekha. Anayang'ana munthu amene anawoloka malire ndi mwana kumsana, ndipo anafuna pansi patang'ambika. Anagwada pambali pa thumba la nyemba, manja n'kuwomba pang'ono.

"Pepani bambo. Pakamwa pandithawa."

"Mwanena zoona," anatero a Nelson, maso ali pagalasi. "Sindiidziwa. Ine ndimadziwa kuisiya. Lobweza lija ndi liti?"

Jeremiya analoza. Mapu anabwerera, asilikali onse ali kumtsinje monga poyamba. A Nelson anayambanso kuwakweza phiri, ulendo uno akasinja akuwalambalalitsa dambo.

"Bambo," anatero Jeremiya akadali chogwada, "nanga za Rosa?"

"Mzingawu umakwera phiri?"

"Sukwera. Za Rosa, bambo. Amalume anga ali okonzeka kubwera kuchokera ku Nkope, mukangonena tsiku."

"Ndiye tiubisa m'nkhalangomu. Abwere Loweruka."

Jeremiya anadzutsa mutu. "Mwavomera?"

"Munthu wokakamira mlatho umodzi miyezi yonseyi, osadya, sangathawe banja chifukwa cha ndiwo zopserera. Ndi liuma, koma liuma limamanga nyumba."

"Zikomo bambo. Zikomo kwambiri." Jeremiya anaimirira, nkhope yonse ili mano. Anaima pang'ono, kenako anatambasulira dzanja ku mabatani. "Ndiye mwina ndimalizitse kamlathoka, anzanga asanabwere."

A Nelson anaphimba mabataniwo ndi chipewa.

"Rosa mutengeni, ameneyo ali ndi pakamwa, adziteteza yekha. Koma anyamata awa sindikusiyirani."