Kolona Imene Nang Tosa Sanadule

Malemu Amayi Fructuosa Balansag Lumayag, amene tonse kuno ku Kanlawig timawadziwa kuti Nang Tosa, anabadwa pa 3 Febuluwale 1944. Sanabadwire m'nyumba. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo makolo awo, Bambo Anastacio ndi Amayi Gregoria Balansag, anali atathawira kuphiri pamodzi ndi mudzi wonse. Amayi Gregoria ankasimba kuti asilikali akamadutsa m'munsi mwa phirilo, iwo ankakanikiza khandalo pabere kuti lisalire, dzanja linalo likuwerenga mfundo za kachingwe kamene anamanga m'malo mwa kolona. Choncho mantha ndi Tikuoneni Maria malemuwa anayamwira limodzi.

Ine amene ndaima pano ndine Leoncio Balansag, mwana wa mlongo wawo. Malemuwa ndi azakhali anga. Banja landituma kuti ndinene zonse, ngakhale zimene sizinenedwa pa maliro, chifukwa eni ake analamula choncho asanatsikire kuli chete.

Mu 1951 anayamba sukulu ya pulaimale pa parishi yathu ino, ndipo analekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi mu 1957, mayi awo atadwala chifuwa. Kuchokera apo anaphunzira kusoka kwa Nang Ising, telala wa pamsika, amene analinso wotsogolera mapemphero a maliro. Kwa iwowo anatengako zinthu ziwiri, makina osokera ndi mawu a pemphero, ndipo zonsezi anazigwira ndi mtima wonse.

Pa 16 Meyi 1964 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Eleuterio Lumayag, msodzi, amene timawatcha Noy Terio. Mulungu anawapatsa ana anayi: Gaudencio, Perpetua, Milagros ndi Crisanto. Pa ukwatiwo analandira makolona awiri a mikanda yamtengo, ina ya mwamuna, ina ya mkazi. Ulusi wake utatha mphamvu, Noy Terio anatunganso onse awiri ndi chingwe cha mbedza, n'kumadzitama pamadzi kuti, "Awa ndiye ngakhale nsomba ikule bwanji, singawadule." Tinkaseka. Lero mawu amenewa sindiwaseka.

Amene munakhalapo pafupi ndi nyumba ya a Lumayag mukudziwa kuti belu la sikisi koloko madzulo likalira, kunalibe kukambirana. Mpunga upse, usapse, aliyense ankagwada pa nsungwi za pansi, ndipo mlendo wobwera kudzatenga malaya ake ankagwada nawo. Woyamba kuwodzera ankamva chigongono. "Gwada bwino iwe, mawondowo unabwereka kwa ndani?" Noy Terio akafuna kuthamangitsa Tikuoneni Maria kuti akamwe mowa wawo wa kokonati usanasase, azakhali ankawacheukira n'kunena kuti, "Bambo a Gaudencio, Amayi Maria si basi yoti ikusiyani." Ndipo ankayambiranso mikanda khumiyo pachiyambi.

Mu 1972, Nang Ising atamwalira, udindo wotsogolera mapemphero a maliro unagwera malemuwa. Palibe nyumba muno imene sanalowemo kukatsogolera kolona ya masiku asanu ndi anayi. Mukudziwanso nonse mwambo wathu: kolona imene taika m'manja mwa wakufa imadulidwa bokosi lisanatsekedwe, kuti imfa isazungulire m'banjamo n'kubwerera kudzatenga wina. Ansembe saukonda mwambo umenewu, ndipo anatiuza kangapo kuti suli m'chiphunzitso cha Mpingo. Timavomera ndi mutu, koma bokosi likamatsekedwa maso athu onse amakhala pa manja a wakufayo. Wodula anali Nang Tosa. Anali ndi kasizasi ka chogwirira chakuda kamene sikankachoka m'thumba la siketi yawo. Ankawerama ngati akukonza kolala ya malemu, ndipo inu mukangomva kuti tche, mtima unkakhala pansi. Palibe amene ankafunsa. Panalibe chifukwa chofunsira.

Pa 9 Malichi 1998, Noy Terio anagwa akukoka boti, ndipo anamwalira asanafike nawo kuchipatala. Apa ndi pamene pali nkhani imene ndatumidwa.

Tsiku loika maliro, azakhali analira mpaka kukomoka kawiri. Anawo anaika kolona ya ukwati ija m'manja mwa bambo awo. Alamu a azakhali, Amayi Eufemia, anaiona ili yosadula, koma anati mumtima mwawo, mwini ntchito ali pompano, adula yekha pomaliza. Ine ndinali pamutu pa bokosi, ndipo ndinaganiza chimodzimodzi. Tonse tinaganiza chimodzimodzi. Ndani akanalimba mtima kukumbutsa Nang Tosa za sizasi? Bokosi linatsekedwa, linalowa m'manda, amisiri anamata simenti.

Tsiku lachitatu la mapemphero a pambuyo pa kuika maliro, masana, azakhali anatsegula kabati ya makina kufuna ulusi wakuda. Anapeza kasizasi kaja kali momwemo, pamene anakasiya m'mawa wa tsiku limene amuna awo anagwa. Anatiuza okha kuti anangokhala pansi pomwepo. Anaganiza zopita kumanda ndi nyundo. Anaganiza zouza ansembe, koma ansembewo anali atangolalikira kumene kuti zodula kolona ndi zachikunja. Anaganiza zouza ana, koma akanawauza kuti chiyani? Kuti mayi wanu amene wateteza mudzi wonse wasiya khomo la nyumba yake lotsegula? Anatseka kabatiyo, madzulo n'kutsogolera kolona ngati palibe chachitika.

Pa 6 Epulo chaka chomwecho, masiku makumi anayi a maliro asanakwane, Gaudencio anapita kunyanja kuli bata. Boti linabwerera lokha, likukankhidwa ndi mafunde. Thupi tinalipeza patapita masiku awiri. Pa 20 Disembala, Perpetua anamwalira pobereka, n'kusiya khanda limene lero ndi mayi wamkulu, Luzviminda, wakhala apoyo. Maliro atatu m'nyumba imodzi chaka chisanathe.

Anthu anayamba kunong'onezana, paja pakamwa pa anthu sipatsekeka. Pa maliro a Perpetua, mayi wina anafika pafupi n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Nang Tosa, pepanitu, koma kolona ya Noy Terio ija munadula?" Azakhali anamuyang'ana m'maso n'kuyankha kuti, "Ukufunsa ine zimenezo, iwe?" Mayiyo anachita manyazi n'kuchoka. Azakhali sananame, koma sananenenso zoona, ndipo yankho limenelo linawakhala pakhosi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Kuyambira 1999, malemuwa anasintha, ndipo ife sitinadziwe chifukwa chake. Anatsala ndi ana awiri, Milagros ndi Crisanto, ndipo Crisanto anatenga boti la bambo ake, popeza kuno ntchito ina kulibe. Iye akangokankha boti m'mawa, mayi ake ankaima pamchenga, kolona m'manja, osakhala pansi, osamwa madzi, mpaka botilo liwonekere. Akamaliza ankayambiranso. Mkanda uliwonse unali ndi dzina: uwu wa Crisanto, uwu wa Milagros, uwu wa Luzviminda. Mwana akangotsokomola m'nyumba, nkhope yawo inkatuwa. Njinga yamoto ikaima pakhomo, ankagwira pamtima asanamve uthenga. Makina osokera anachita dzimbiri.

Ndivomere pano pamaso panu kuti ine ndinkawaseka. Ndinaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndinkadziona wozindikira. Tsiku lina ndinawapeza pamchenga dzuwa likuswa mtengo, n'kunena kuti, "Azakhali, Amayi Maria si ogontha, anamva kale m'mawa muja. Tiyeni mukadye." Anandiyankha osacheuka: "Leoncio, ukandisokonezanso pakati pa mikanda, ndikutunga nawo pachingwe pomwepa." Crisanto nayenso ankadandaula kuti anzake amamunena kuti ali ndi mlonda wa siketi. Sitinadziwe kuti mayiyu ankaona ngati iye yekha ndi amene waima pakati pa mwana wake ndi manda, ndipo kuti akangoleka mkanda umodzi, chingwe cha mbedza chija chikoka mwana wachitatu.

Pa maliro a anthu ena anapitiriza kudula, koma tsopano ankadula poyera. Ankakweza mbali ziwiri za kolonayo kuti banja lione. Ena munkati Nang Tosa ayamba matama. Sanali matama.

Mu Juni chaka chino, malemuwa anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Pa 2 Julayi anagonekedwa kuchipatala cha mumzinda, kumene madokotala anapeza kuti mtima wawo wakula ndipo watopa. Anakhalako masabata atatu, koma ankavutitsa anamwino kufunsa ngati kunyanja kuli mphepo, mpaka tinawabweretsa kunyumba. Anapempha kuti bedi lawo liikidwe pa zenera loyang'ana kumadzi.

Lamulungu pa 6 Okutobala, Misa itatha, Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. Atalapa, azakhali anatiitana tonse, ansembe ali pomwepo, n'kutiuza zimene ndakuuzanizi. Amayi Eufemia anayamba kulira, akuti mlandu ndi wawo. Bambo Mfumu anayankhula mofatsa ndipo ananena zoona: kuti chingwe sichipha munthu, kuti Gaudencio anatengedwa ndi nyanja, Perpetua ndi magazi, ndipo kuti Amayi Maria sakola ana awo ngati nsomba. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndamva, Bambo, ndipo ndikukhulupirira. Koma inu mulibe mwana panyanja."

Milagros anawagwira dzanja n'kulonjeza kuti, "Amayi, yanuyo ndidzadula ndine, musade nkhawa." Iwo anapukusa mutu. "Iwe udzakhala ukulira. Wolira amaiwala. Ndikudziwa ine."

Lachitatu pa 16 Okutobala masana, anaitanitsa kasizasi kawo, akuti zikhadabo zakula. Milagros anafuna kuwawenga, koma iwo anamuthamangitsa: "Choka apa, ndinayamba kugwira sizasi iwe usanaganiziridwe." Lachinayi pa 17 m'mawa, Crisanto atakankha boti, Milagros anawamva akupemphera kolona monga mwa masiku onse, mawu akutsika pang'onopang'ono. Anamaliza yonse mpaka Ulemu kwa Atate womaliza. Cha m'ma teni koloko, boti likuonekera patali, malemu anatisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu.

Posambitsa thupi, dzanja lawo lamanja linali lofumbata kwambiri, moti Milagros anachita kutsegula chala chimodzichimodzi. Kolona inali yodula kale. Nsonga ziwiri za chingwecho anazipana pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti mikanda isayoyoke, ndipo anapemphera nayo choncho mpaka mpweya unatha. Kolona ya ukwati wawo, imene anaigwira zaka makumi asanu ndi limodzi, anaidula okha ali moyo, chifukwa sanafune kusiyira aliyense wa ife ntchito imene inawagonjetsa iwo. Kasizasi tinakapeza pansi pa pilo.

Abale anga, ndisakubisireni. Sabata yonse ya maliro ino banja silinapume. Takhala tikufunsana kuti, kodi kolona yodulidwa ndi mwini wake akadali moyo imawerengedwa? Mwambo umati imadulidwa m'bokosi. Wina akuti zakwanira, wina akuti ayi. Munthu yekhayo amene akanatiyankha ndi amene wagona apayu. Ine mphunzitsi, amene ndimadziwa bwino kuti Bambo Mfumu akunena zoona, kuyambira m'mawa ndasuzumira m'bokosimo kanayi. Choncho tagwirizana kuti ndikangokhala pansi, Milagros adulenso pamalo ena, pamaso panu nonse, ndi kasizasi ka mayi ake. Bambo Mfumu atiuza kuti iwo ayang'ana kumbali. Tikupempha kuti bokosi lisatsekedwe mpaka aliyense wofuna kuona ataona ndi maso ake. Musachite manyazi kufunsa. Manyazi amenewo ndi amene anatipweteka mu 1998.

Malemu asiya ana awiri, Amayi Milagros Lumayag Ybañez ndi Bambo Crisanto Lumayag; adzukulu asanu ndi awiri, wamkulu wawo Luzviminda, amene anamulera kuchokera tsiku lobadwa; zidzukulutudzi zitatu; ndi alamu awo, Amayi Eufemia. Banja likuthokoza Bambo Mfumu chifukwa cha kuleza mtima kwawo ndi ife, madokotala ndi anamwino, amayi a bungwe la kolona amene atsogolera mapemphero masiku onsewa, asodzi amene anasiya maukonde kudzamanga chisakasa, ndi inu nonse amene mwabweretsa mpunga, nsomba ndi makandulo.

Pempho lomaliza ndi ili. Crisanto anafuna kudikira kuti masiku makumi anayi athe, koma ana ake sangadye mchenga. Lolemba akukankha boti. Pamchenga paja sipakhalanso munthu woima. Amene muli ndi kolona, belu likalira, mkanda umodzi muutchule dzina lake.

Azakhali, Nang Tosa, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mwaima padzuwa kulondera ana anu. Boti la Lachinayi lija linafika bwino, Crisanto ali pano, akukumvani. Tsegulani dzanja tsopano. Amayi Maria, amene munawaitana tsiku ndi tsiku kuti adzakhale nanu pa nthawi ya kufa, akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mu mtendere umene pansi pano simunaulawe.

Milagros, bwera nayo sizasi.