Napolo anandilanda madzi, Ambuye anandigoneka chagada

Moni abale ndi alongo nonse amene mumanditsatira pano, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri mwakhala mukundiyamikira chifukwa cha kanema uja amene mwandiona ndikusambira chagada pa mpikisano wa mayiko kunja. Chimene simukudziwa n'chakuti chaka chatha chomwechi ine Maliko, munthu wodyera kusambira, sindinkatha ngakhale kusukusula nkhope pa beseni. Lero manyazi ndawaika pambali, ndinena zonse.

Kwathu ndi kunsi kwa phiri la Michesi ku Phalombe. Kusambira ndinaphunzirira ku Blantyre, kumene malume anga ankatsuka dziwe losambiramo pa sukulu ina ya ana a mabwana. Eni ake akatuluka, ine ndinkalowa. Kochi wa pamenepo anandiona, n'kunditenga, ndipo patapita zaka ndinapezeka m'timu yokonzekera kukapikisana kunja. Nthawi imeneyo ndinkasambira chafufumimba, nkhope m'madzi, ndipo kunena zoona ndinkadzimva. Ndikabwera kumudzi ndinkayenda ngati mitsinje yonse ya m'boma lathu ndi antchito anga.

Dzinja lina ndinabwera kudzaona amayi. Mvula inagwa masiku atatu osapumira. M'mawa wa tsiku lachinayi ndinapita kumunda kukaona ngati mizere ya chimanga yatsalako, ndipo ndili komweko ndinamva phiri likulira. Anali napolo, madzi aja otsika m'phiri ndi matope, miyala ndi mitengo yathunthu. Ndinathamanga koma anandipeza. Ukatswiri wanga wonse unathera pomwepo, chifukwa m'matope simusambirika. Anandilowa m'mphuno ndi m'kamwa, anandigubuduza mumdima osadziwa kumwamba ndi kuti, kenako anandilavulira mu mtengo wa mango, mmene anthu anandichotsa masana. Anzathu ena a m'mudzi sitinawaonenso mpaka lero.

Mabala atapola ndinabwerera ku Blantyre, ndikuganiza kuti zatha. Nditalowa m'dziwe, nkhope itangokhudza madzi, chifuwa chinatseka. Madzi anali oyera mbuu, koma ine ndinamva fungo la matope. Ndinadzambatuka n'kukakamira khoma, anzanga onse akundiyang'ana. Mawa lake zomwezo, mkuja zomwezo, mpaka mwezi unatha. Kochi anandilezera mtima, koma tsiku lina anandiitanira pambali.

"Pita kumudzi ukapume," anatero. "Malo ako m'timu ndikusungira mpaka nyengo yozizira ithe. Ikatha usanabwere, ndipereka kwa wina."

Kumudzi sindinapume ngakhale tsiku limodzi. Ndikakhala pakhonde, ndinkaimirira. Ndikapita kumunda wa nandolo, ndinkabwerera khasu lisanakhudze dothi. Ndinkakwera phiri kukatola nkhuni zimene sitinkazifuna, mpaka mulu wake unapitirira denga la khitchini. Nkhope ndinkapukuta ndi kansalu konyowa ngati wodwala, ndipo anzanga a pabawo atamva anayamba kundifunsa ngati ng'ona yawo ija yasanduka mphaka. Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkapweteka. Masabata ankatha ndikuwawerenga pazala.

Chimene chinkandiwawa koposa chinali m'nyumba mwathu momwe. Ine ndinkapemphera kuti Mulungu andibwezere m'madzi, amayi ankapemphera kuti Mulungu andichotsemo mpaka kalekale. Sankabisanso, ndinkawamva m'mawa uliwonse akutchula dzina langa. Nditawadandaulira anandiyankha akusenda chinangwa, osandiyang'ana.

"Mwanaka, madzi akubweza kamodzi. Akakutenga kachiwiri ndikakufunafuna kuti?"

Ndinawakwiyira amayi, ndipo ndivomere pano kuti ndinakwiyiranso Mulungu. Ndinkamufunsa kuti ngati anandipulumutsa kuti ndizingozungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, bwanji sanangondisiya m'matope muja. Kutchalitchi ndinkapita, koma ndinkatuluka ulaliki usanafike pakati.

Napolo uja anakokolola mlatho wa pa mtsinje wopita kumsika, ndipo pamalopo anakumba pakuya kwambiri. Bambo wina wachikulire, a Nakhwala, ndi amene ankaolotsa anthu, njinga ndi matumba a chimanga pa chubu chachikulu cha galimoto. Iwo ankamanga chingwe cha chubucho m'chiuno, n'kugona chagada m'madzi, n'kumakankha ndi miyendo. Popeza pakhomo sindinkakhazikika, ndinayamba kukakhala m'mbali mwa mtsinjewo, kumangoyang'ana. Tsiku lachinayi anatuluka akudontha madzi n'kudzaima patsogolo panga.

"Iwe si mphwake wa uja wotsuka madamu osambiramo ku Blantyre? Amati ndiwe katswiri. Nanga ukungondiwerengera maulendo bwanji?"

Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa, koma ndinawauza zonse. Sanaseke.

"Inetu nkhope yangayi sinalowepo m'madzi chibadwire," anatero. "Ndimadana nawo m'mphuno. Madziwa apatse msana, iwe uziyang'ana kumwamba. Vula malaya."

Ndinalowa mpaka m'chiuno. Anaika zikhato zawo kunkhongo kwanga ngati akusambitsa khanda, n'kundigoneka pang'onopang'ono. Makutu atamira ndinafuna kudzuka, koma anandigwira n'kundiuza kuti ndiwauze chimene ndikuona. Ndinkaona mitambo, ndi nsonga ya Michesi, ndi chipsera chofiira pamene napolo anatsikira. Phiri lomwe lija linali pamenepo, ndipo ine ndinali m'madzi ndikupuma. Ndinalira, abale anga, munthu wamkulu ndevu zili pepeya, azimayi odikira kuoloka akundiona.

Masabata awiri otsatira ndinkakoka nawo chubu. A Nakhwala anandiphunzitsa kuwongola njira poyang'ana nsonga ya phiri, popeza wogona chagada saona kumene akupita. Kenako ndinaimbira kochi n'kumuuza kuti ndikufuna kubwerera ndizisambira chagada. Anandikumbutsa chinthu chimene ndinkachidziwa kale: pa mpikisano wa chagada, poyamba penipeni umadziponya chambuyo n'kumira kaye pansi pa madzi usanatulukire. Ndinamuuza kuti ndibwerabe. Ndinafika nyengo yozizira itatsala masiku ochepa kuti ithe.

Miyezi yotsatira inali nkhondo. Pamwamba pa madzi ndinkathamanga bwino, koma poyambira paja masiku ena ndinkamira n'kutuluka bwinobwino, masiku ena fungo la matope linkandibwerera ndipo ndinkaima pakati pa dziwe. Sindinkadziwa kuti tsiku liti likhala liti. Ngakhale dzina langa litatuluka kuti ndikasambire mamita makumi asanu a chagada, mtima sunakhale m'malo. M'ndege monse ndinkangoganiza za kuima pakati pa dziwe dziko lonse likuona.

Tsikulo tinalowa m'madzi amuna asanu ndi atatu, aliyense atagwira chitsulo cha pakhoma, msana kulozetsa kumene tikupita. Anzangawo anali aatali, mapewa ngati zitseko. Kumwamba kunalibe phiri, kunali denga ndi magetsi. Kabelu katalira ndinadziponya, madzi anatseka pankhope, ndipo fungo lija linabwera, lomwe lija la m'mawa wa napolo. Chifuwa chinayamba kutseka. Koma maso anali kumwamba, ndipo kupyola madziwo ndinkaona kuwala. Mumtima ndinangoti Yesu, n'kukankha ndi miyendo, n'kukankhanso. Ndinatulukira, mpweya unalowa, manja anayamba okha kupalasa. Nditaona timbendera tosonyeza kuti khoma layandikira, ndinawerenga mikono yanga mpaka dzanja linagunda.

Ndinakhala wachisanu ndi chiwiri mwa asanu ndi atatu, ndipo ndime yotsatira sindinalowe. Koma mmene ndinkasekera nditagwira khomalo, mnzanga wa pambali anandilozera bolodi la zotsatira, poganiza kuti ndawerenga molakwika.

Nditafika kumudzi ndinamva kuti amayi anaonera pa foni ya mayi busa, ataimirira, atakana mpando. Ananditengera kuseri kwa nyumba, kumene anali atandiikira madzi m'beseni kuti ndichotse fumbi la ulendo.

"Utamira paja, pemphero langa lija ndinalisiya," anatero. "Ndinangoti, Ambuye, mutulutseni mwanayo, akatuluka azisambira mmene akufunira."

Ndinagwada, n'kuviika nkhope yonse m'beseni. Ndili m'menemo ndinamva dzanja lawo litandigwira kolala ya malaya kumbuyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mapemphero awiri okokanakokana m'nyumba imodzi, osataya ine, osatayanso amayi. Ndikuthokoza a Nakhwala, amene mpaka lero amati ndimamwaza madzi ambiri popalasa. Iwe m'bale wanga amene chinthu chimene unkachidziwa bwino chakusandukira mdani, usadzitsekere m'nyumba, ndipo usanyoze munthu amene Ambuye angakutumizire, ngakhale atabwera ndi chubu chakutha. Limbikira. Mantha anga sanatheretu, masiku ena fungo lija limabwerabe. Koma m'mawa uliwonse ndimaviika nkhope m'madzi, ndipo ndikakhala kumudzi amayi amaimabe kumbuyo kwanga atandigwira kolala. Ndimawasiya agwire. Ambuye akusungeni nonse.