Tiana ta Chambo Pasiteji ya Benga

Mayi Iness ankadikira minibasi pasiteji ya Benga, beseni lawo la nsomba atalifunditsa chitenje, popeza inali nyengo yotseka nyanja. Bambo ena ovala jekete, omwe mayiwo sankawadziwa, adawayandikira akununkhiza.

"Mayi, mubesenimo muli chambo?"

"Ndi tiana take, bambo. Chambo chachikulu ndidachiona komaliza mwana wanga woyamba akukwawa."

"Vuto lake ndi limenelo! Ineyo ndili mukomiti yoteteza nsomba ku Liwaladzi. Sabata yathayi tawotcha masikito khumi ndi awiri omwe anthu amaphera nsomba. Mukamapha tiana lero, mawa mudzapha chiyani?"

"Pepani bambo, musandilande. Ana anga amadyera momwemu."

"Tavundukulani ndione. Aa! Tosakwana ndi chala chomwe! Anthu inu mulibe chisoni. Ndi ta lero timeneti?"

"Ta m'mawa uno."

"Mmm. Timeneti mukatikazinga mpaka tiume, n'kuwaza kamchere ndi tsabola, timadyeka ndi mitu yomwe."

"Ndiye mundilanda, bambo?"

"Ayi, ndipimireni mbale ziwiri. Koma mukulunge bwinobwino munyuzipepala, michira isatulukire. M'minibasimu mumakwera anthu ondidziwa."