Laputopu Yokha

Laputopu itabwerako kwa wokonza, komwe inagonera miyezi mpaka kuiwalika, bambo a mwana anaikhazika patebulo la pabalaza ngati mlendo wolemekezeka. Masana omwewo anali ndi intavyu ya pavidiyo, ntchito yoyang'anira makompyuta pakampani ina. Ntchitoyo ankaifunadi, poti anali atakhalitsa pakhomo moti ngakhale mphaka ankawayesa mpando.

"Muli ma Linux atatu umu," anatero, kunena mapulogalamu oyendetsa kompyutayo, uku akukwinya manja a shati. "Onse akalamba. Ndiyambe ndawapanga apudeti, akhalenso atsopano."

Mkazi wawo anaima ndi tsache m'manja. "Intavyu ikufuna onse atatu?"

"Imodzi basi."

"Ndiye tsegulani imodziyo."

"Mayi a mwana, munthu sakumana ndi mabwana ali ndi Linux yachikale. Ndi ulemu umenewu."

"Amaiona?"

"Saiona, koma ine ndimadziwa."

Anadina batani. Timizere toyera tinayamba kuthamanga pasikirini, bambowo n'kupinda manja monyadira. Posakhalitsa kachizindikiro ka batire kanafiira.

"Tandipatsirani tchaja."

"Tchaja iti?"

"Ya laputopu! Ili m'chikwama chomwe munabwera nacho."

"M'chikwama munali laputopu yokha."

"Nanga tchaja?"

"Ili kwa wokonza."

Bambo a mwana anatembenuka pang'onopang'ono.

"Anaiwala kukupatsani?"

"Ayi, sanaiwale. Anandipatsa, ine n'kukana."

"Munakana?"

"Munati mkulu uja ndi wochenjera, amakakamiza anthu zinthu zosafunika. Munati nditenge laputopu yokha, china chilichonse ndikane."

"Ndimanena zogulitsa!"

"Simunatchule zogulitsa. Ananditsatira nayo mpaka pamsewu, koma ndinalimba mtima. Ndimati mundiyamikira."

Bambowo anapukuta thukuta ndi tayi.

"Zimitsani kaye," anatero mayiwo, "ndikaitenge."

"Sizimitsidwa ili pakati pa apudeti! Ikazima pano sidzukanso."

"Eya, wokonza ananenanso zomwezo."

"Anati chiyani?"

"Anati ndikuuzeni kuti musayerekeze kupanga apudeti popanda tchaja."

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Munati mawu a munthu ameneyo musawamve m'nyumba muno. Ndinawasiya pageti."

Apa bambo a mwana anadzuka, n'kuyamba kusolola madirowa. Anapeza tchaja ya foni, ya tochi, ndi ya makina ometera. Iliyonse anaiyesa pabowo la laputopu, ina mpaka kuikankha ndi chala chachikulu. Kunena zoona, munthu wamkulu anachita mantha.

"Mwina mukaipepesa," anatero mayiwo.

"Chonde, khalani chete."

Mayiwo anakhala chete. Anali chete pamene sikirini inachita mdima, anali chete pamene kafani koziziritsa m'kati kanaleka kulira. Bambowo, omwe anali atagwada kuseri kwa sofa kufunafuna, anadzutsa mutu.

"Yafika pati?"

Mayiwo analoza pakamwa pawo.

"Yankhulani!"

"Yazima kalekale."

Anadina batani, osayaka. Anadinanso mokhalitsa, anaigwedeza, anaiuzira mpweya. Laputopu inangoti zii.

Nthawi yomweyo foni inalira kuchipinda. Mayiwo anapita kukayankha, ndipo anabwerako ataiphimba ndi dzanja.

"Ndi akukampani aja. Akuti akudikira, simukuoneka. Akufunsa chavuta n'chiyani."

Bambo a mwana anayang'ana kudenga. Anaganiza zonamizira magetsi, anaganiza zonamizira netiweki, koma mabodza onse anawathawa. Anakhala pansi, n'kumasula tayi.

"Basi, auzeni zoona."

"Ndawauza kale. Ndati kompyuta yakukanikani."

"Mwawauza choncho? Anthu ofuna woyang'anira makompyuta?"

"Musadandaule, sanakwiye," anatero mayiwo, akutola tsache lawo. "Angopempha nambala ya wokonza uja."