Uvuni wa Masikono ndi Thumba la Fulawa

Senderani pafupi ndi wailesi, inu ofuna kuyamba bizinesi, mumve zimene zinaoneka pakhomo panga ku Chongwe. Ine kulemba sindidziwa, cholembera wagwira ndi mdzukulu.

Nthawi ya chipani chimodzi, bambo wina wophika masikono m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka ananyengerera mwana wanga wamwamuna kuti atenge uvuni wake wachitsulo, apereke ng'ombe zathu ziwiri zolimira. Mtima wanga unakana. Munthu angataye bwanji chinthu chomudyetsa?

Mkazi wa bamboyo ankatigawira matumba otha fulawa, ife n'kumasoka mapitikoti. Ndinapita ngati wokapempha limodzi.

“Amai, masaka kulibe,” anatero, maso ali pansi. “Na ine nifuna.”

Pachingwe panali thumba limodzi lokha, lochapidwa mpaka zilembo kufufutika. Pamenepo ndinadziwa kuti lole ya fulawa inaleka kubwera, ndipo mwamuna wake, amene ankamwa ndi akuluakulu a chipani, anali atamva kuti sibweranso msanga.

Ndinauza mwana wanga kuti, “Iwe, usayang'ane uvuni, yang'ana msewu. Fulawa izachokera kuti?”

Anaseka. “Amai, inu mumakayikira ngakhale mthunzi wanu.”

Ng'ombe zinapita. Mwana wanga anaphika kangapo, fulawa n'kusowa m'masitolo monse, mafuta n'kutsatira. Chaka chimenecho tinalima ndi makasu mpaka misana kuuma.

Bambo uja anadzaza nkhokwe polima ndi ng'ombe zathu. Mkazi wake ankandizemba mpaka imfa yake. Mwana wanga anakakhala mlonda ku Lusaka. Uvuni ulipobe kuseri kwa nyumba, nkhuku zanga zimaikiramo mazira.