Chitedze m'thalauza la a Lazaro

Mwaswera bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Taonga wa ku Kakumbi, ndili giredi ileveni. Ena mwayamba kale kuseka. Sekani, mumandidziwa.

Ndine ndinamangirira mbuzi ku belu la sukulu, n'kulira belulo nthawi ya mayeso. Ndine ndinaika chule m'chikwama cha aphunzitsi a kwaya. Sindinkaopa kanthu. Mumtima ndinkati chinthu cha sukulu, cha boma, cha kampani, chilibe mwini womva kuwawa.

Amayi anga amagwira ntchito pa kampani yochapa zovala za maloji, malo ogona alendo odzaona nyama. Kale inali ya bwana mmodzi. Bwanayo atakalamba n'kufuna kubwerera kwawo, antchito khumi ndi awiri anagwirizana kuitenga kuti ikhale yawo. Lero wochapa ndi mwini, wosita ndi mwini, a Sakala onyamula mitolo panjinga nawonso ndi mwini. Amayi ankandiuza zimenezi kawirikawiri. Ine zinkangolowa khutu ili n'kutulukira linali.

Tsono pali a Lazaro, awo akhala kumbuyoko, amene amayendetsa alendo a loji ina kukaona nyama. Tsiku lina anatipyola pagalimoto tikuchokera kusukulu, natithira fumbi. Nditakuwa, anasuzumira n'kuti, "Akakuchapire mayi ako, si ntchito yake?"

Mawu amenewo ndinawasunga.

Loweruka ndinakathyola chitedze kuthengo, n'kukutumulira ubweya wake m'kapepala. Ndinapita kukapereka chakudya kwa amayi kuntchito. Iwo atatuluka kukasamba m'manja, ndinalowa m'chipinda chopindira zovala, momwe ana saloledwa. Yunifomu ya a Lazaro inali pamwamba pa mtolo. Ndinathira m'thalauza, n'kulipinda bwinobwino. Sindinaganize kuti pansi pake panali matawulo a alendo.

Lolemba masana a Sakala anabwera ndi mtolo wonse, nkhope ili gwaa. Alendo anayi anatupa thupi ndi kukanda. Kamwana ka mlendo wina kanalira mpaka kukafika nako kuchipatala. A manijala a loji ya a Lazaro anatumiza mawu: amene wachita zimenezi achotsedwe pofika Lachisanu, apo ayi asiya kutichapitsa. Ndipo loji imeneyo ndi yomwe imabweretsa ntchito yambiri.

Pa kampanipo aliyense amamanga mtolo wake ndi kansalu ka mtundu wake, kuti adziwike wopinda. Mtolo uja unali ndi kansalu kofiira. Kofiira ndi ka amayi.

Masiku atatu sindinadye bwino. Amayi sanandifunse kanthu. Ankangokhala pakhonde, kutembenuza manja awo osweka ndi sopo, n'kumati, "Koma ine ndinakung'untha matawulo onse." Tilibe bambo pakhomo. Munda wathu njovu zinaumaliza chaka chatha. Ntchito ija ikanatha, ine ndi mng'ono wanga sukulu ikanathera pomwepo.

Ndinkadziuza kuti ndikakhala chete zitha zokha. Sizinathe.

Lachinayi foloko koloko eni onse anakumana pabwalo loyanikira. Ine ndinabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Amake Esnati, amene ali wapampando chaka chino, anafunsa amayi ngati ali ndi mawu. Amayi anaimirira nati, "Sindikudziwa chinachitika. Koma mtolo ndi wanga. Ngati kuchoka kwanga kungapulumutse anzanga, ndichoka."

Abale, miyendo yanga inatuluka yokha. Ndinagwada pafumbi n'kunena zonse, kuyambira fumbi la galimoto mpaka kapepala.

Kenako a Sakala anati, "Iwe mwana, ukudziwa mabanja angati amadya pano? Unkayesa ukulanga Lazaro? Wathira chitedze m'mbale mwathu tonse!" Wina anati lamulo ndi lamulo, mwana analowa m'chipinda choletsedwa pa nthawi ya mayi ake.

Amake Esnati anati, "Kukanakhala kwa bwana, amake Taonga akanapita Lolemba lomwelo, osafunsidwa. Pano tilibe bwana woti atisenzere tchimo limeneli. Tivote."

Iwo amavota ndi mapegi oyanikira zovala. Kuseri kwa nsalu yoyanikidwa anaika mabeseni awiri. La chitsulo, amayi achoke. La pulasitiki, atsale. Munthu amalowa yekha, osaonedwa, koma khutu limamva. Amayi okha sanavote.

Woyamba analowa. Ngwee! Chitsulo.

Wachiwiri. Ngwee!

Amayi anatseka maso. Ine, amene kutchalitchi kuno ndinkangobwera kudzatsina anzanga, ndinapemphera koyamba m'moyo wanga. Ndinati, Yesu, wolakwa ndine, musalole manja aja alipire zanga.

Wachitatu. Phu.

Phu. Phu. Ndinawerenga ndi zala mpaka naini. A Sakala ndiwo analowa pomaliza, akung'ung'udzabe, ndipo pegi yawo ndiyo inalira phu wa nainiyo.

Lachisanu m'mawa tinapita kuloji tonse, ine pakati ngati mbuzi yopita kumsika. A manijala ankadikira dzina limodzi, anaona eni onse khumi ndi awiri pakhomo. Amake Esnati anati, "Wolakwa ndi uyu, wabwera kudzapepesa. Wochotsedwa palibe, chifukwa tonse ndife eni. Tichapanso zonse, ndipo chipinda chija taika loko. Tiyeseni mwezi umodzi." A manijala anavomera. Mwezi unatha, mitolo ikubwerabe.

Ndinagwadiranso a Lazaro. Iwonso anapepesa kwa amayi chifukwa cha mawu aja, ngakhale anayankhula chapansipansi.

Abusa anandifunsa ngati ndalapa zonse. Za kamwana kaja ndalapa, ndimakapempherera. Za misozi ya amayi ndalapa. Koma anzawo akuti a Lazaro anadumpha m'galimoto n'kuvina pamaso pa alendo ndi mbidzi, mpaka mlendo wina anawaombera m'manja. Pamenepo, abusa, sindinama m'nyumba ya Mulungu. Ambuye akadagwirabe ntchito mwa ine.

Ndikuyamika Mulungu amene anandionetsa chifundo kudzera mwa anthu a manja a sopo. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Ndipo inu akuluakulu a mpingo, pa chigayo cha mpingo wathu chija mumasinthasintha anyamata a ntchito chaka chilichonse, wina akalakwa kamodzi basi wapita. Inu a mashopu ndi a magalaja chimodzimodzi. Bwerani Loweruka kukampani yochapa ija mudzaone mmene anthu amasamalira chinthu chikakhala chawo, ndi mmene amasamalirana okha. Mundipeza pabeseni, ndikuchapa matawulo mpaka Khirisimasi, ndicho chilango changa. Amene mtima wake ukuyabwa ngati wanga unkayabwira, asadikire mapegi. Abwere kwa Yesu lero. Amen.