Botolo limene ndinafuna kutaya

Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikuuzeni za matenda a mkazi wanga Esitere, ndi uchitsiru wanga umene unatsala pang'ono kumupha.

Inali nthawi ya chitaganya, ine ndikupha matemba ku Kachulu. Esitere anayamba kuwonda, mimba yokha ikutupa ngati ng'oma. Malume ake anati ndi tsempho, n'kundiloza chala kuti ndinayenda ndi akazi ena kudoko. Zinandiwawa kwambiri poti sindinachimwe, koma mkamwini ndikanayankha chiyani?

Zitsamba zitakanika, tinamunyamula pamachira mpaka kumsewu, lole n'kutifikitsa kuchipatala ku Zomba. Dokotala anamuboola pamimba, n'kukhetsera madzi achikasu m'botolo. Anati mwina ndi khansa, ndipo ngati ndi iyoyo palibe chimene angachite. Malume anandikokera pambali. "Tiyeni naye akafere kwawo. Madziwonso musawasiye m'manja mwa alendo, angamuchite nawo chipongwe. Katayeni."

Ndinatenga botolo lija mobisa. Za kuchira ndinali nditaiwalako, ndinkangopempha Mulungu kuti amulandire osazunzika. Ndikutsegula chivindikiro kuseri kwa chipatala, munthu anandigwira dzanja. Anali Che Amidu, bambo wachikulire wachisilamu amene ankayeza magazi pachipatalapo. "Achimwene, mukutaya chiyani? Sindinawayeze amenewo. Tabwerani muone."

Anapaka dontho la madziwo pakagalasi, kuumitsa, kuthira utoto wofiirira, n'kutsuka. Atayang'ana nthawi yaitali m'makina okuza tinthu, anandiuza kuti nane ndisuzumire. Ndinaona timadontho ting'onoting'ono tofanana, ngati njere za mawere. "Ta khansa timakhala tikulutikulu, tounjikana, pakati pali bii," anatero. "Iti ayi. Ndikauza adokotala aganizire chifuwa chachikulu, chimalowanso m'mimba."

Zinalidi choncho. Esitere anabayidwa jakisoni miyezi yambiri mpaka mimba inaphwa. Koma nthendayo inamuwononga m'kati, ndipo mwana sitinamugwirepo m'manja. Malume anamwalira osandipepesa. Zimenezi zimandipwetekabe, sindibisa.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anatuma munthu wosapemphera nafe kuti andigwire dzanja. Inu amene muli ndi wodwala, musamuike m'manda akupumabe, pirirani. Ine ndinapempha kuti mkazi wanga afe bwino, koma Mulungu anandilola kuti ndikalambe naye.